Kalata ya ku Maryland: Si lichero ayi, ndi paramotor

Amayi, amalume, achemwali ndi nonse kumudziko, komanso anzanga amene tikuvutikira limodzi kuno ku Maryland, Virginia ndi DC, moni nonse.

Chithunzi chimene ndinatumiza mwezi watha chautsa mapiri pachigwa. Amalume akuti mwana wathu wayamba kukwera lichero ku America. Amayi akuti sakupeza tulo. Achemwali ndiye afunsa funso limene ena nonse mukuopa kufunsa, lakuti ndalama zake zikuchokera kuti pamene nyumba ija sitinamalize kufolera. Kuno nako anyamata awiri andiimbira foni, osati kudzandidzudzula, koma kufunsa kumene angagule chinthuchi motchipa. Ndaganiza zokuyankhani nonse pamodzi. Masewerawa ndi abwino ndipo ine sindisiya. Koma pa anthu onse amene mwandiyankhula, amene andichititsa mantha ndi anyamata awiriwa, chifukwa akufuna kuyambira kumchira.

Poyamba ndifotokoze chinthucho, poti pa chithunzi chikuoneka ngati ambulera yaikulu, munthu akulendewera kunsi kwake. Dzina lake ndi paramotor. Pamwamba pali phiko la nsalu ya nayiloni, lopanda chitsulo ngakhale chimodzi, lalikulu mwina masikweya mita 24 mpaka 28 kwa munthu amene akuphunzira. Nsaluyo ndi yophatikiza ziwiri ndipo kutsogolo kwake kuli timakomo. Mphepo ikalowa pa timakomoto phikolo limafufuma n'kukhala lolimba ngati phiko la ndege yeniyeni. Kuchokera pamenepo zingwe zambirimbiri zopyapyala zimatsika kudzamangika pa mpando umene munthu umavala ngati chikwama cha kumsana. Kumbuyo kwa mpandowo kuli injini yaing'ono, mtundu uja wosakaniza petulo ndi oyilo ngati injini ya boti ya ku Monkey Bay, imene imazunguza pulopela m'kati mwa khola la ukonde. Yanga ndi Moster 185 yopangidwa ndi kampani ya Vittorazi ya ku Italy, imene ambiri kuno amagwiritsa ntchito. Zonse za kumsana ukathira mafuta zimalemera makilogalamu pafupifupi 30, kungopitirira pang'ono theka la thumba la feteleza. Mafuta imamwa malita anayi kapena kuyandikira pamenepo pa ola. Liwiro lake ndi makilomita 35 mpaka 45 pa ola, ndiye kuti wakabaza wa njinga yamoto wa ku Area 25 akhoza kundisiya kutali.

Amayi, funso lanu lija lakuti nanga injini ikazima, yankho lake ndi ili: sugwa ngati mwala. Chimene chimanyamula munthu ndi phiko, injini ntchito yake ndi kukankha chabe. Ikazima, phiko limatsika pang'onopang'ono likupita kutsogolo, mamita mwina sikisi kutsogolo pa mita imodzi iliyonse imene watsika, n'kukatera ndi miyendo yako. Ndipo timainjini timeneti timazimadi, palibe woyendetsa amene angakane. N'chifukwa chake lamulo loyamba limene amatiphunzitsa ndi lakuti usauluke pamwamba pa malo amene sungathe kuterapo.

Tsono msampha uli apa. Kuno ku America chinthuchi sichifuna laisensi. Bungwe la boma loyang'anira za ndege la FAA linaika lamulo lotchedwa Part 103 mu 1982, ndipo limati kandege kopepuka, kosafika mapaundi 254, konyamula munthu mmodzi, kokhala ndi thanki yosapitirira magaloni 5, omwe ndi malita pafupifupi 19, munthu akhoza kuuluka nako popanda laisensi, popanda kupimidwa ndi dokotala, popanda nambala. Amangoti uuluke masana, mongosangalala osati pa malonda, usadutse pamwamba pa malo odzaza nyumba kapena pa khamu la anthu, ndipo usalowe mlengalenga mwa mabwalo a ndege popanda chilolezo. Tangoganizani, galimoto ndinachita kulembera mayeso ndi kuyesedwa pamsewu, koma ndege iyi palibe amene anandifunsa pepala. Anyamata aja atamva zimenezi anati basi ndiye zosavuta, tigula yakale pa Facebook Marketplace, tiphunzira pa YouTube.

Achimwene, safunsa anadya phula. Boma silinanene kuti chinthuchi n'chosavuta. Linangoti poti uli wekha, ukavulala wadzivulaza wekha. Kumeneku ndi kusamba m'manja, ngati Pilato.

Ine ndinayambira kwa mphunzitsi ndipo ndinakhala masiku angapo osachoka pansi. Umangothamangathamanga m'munda ndi phiko lopanda injini, kulidzutsa, kuliimika pamwamba pa mutu, kuligwetsa, kulidzutsanso, ngati mwana woulutsa kaiti, mpaka manja ako adziwe okha kuti phiko likapendekera kumanzere uchite chiyani osayang'ana kumwamba. Mapewa amatupa, mikono imachita mabala a zingwe. Kenako umaphunzira kuthamanga utabereka injini, thupi lili chiwongokere, poti ukawerama ngati wothamanga mpikisano mphepo ya pulopela imakukankhira pansi. Tsiku loyamba kuuluka mphunzitsi amakhala pansi ndi wailesi, akukuuza chilichonse m'khutu, kuyambira ponyamuka mpaka nthawi yokoka mabuleki potera. YouTube sikuona kuti chingwe chako chakola. Kuno kuli bungwe la USPPA limene limapereka magiredi atatu, PPG1, PPG2 ndi PPG3. Lamulo silikakamiza munthu kukhala nawo, koma mphunzitsi amene sangakuonetse kuti iye anaphunzira kuti, muthaweni.

Ngozi za masewerawa zimadziwika ndipo zimabwerezabwereza. Pulopela imadula zala ndi manja a anthu amene amaliza injini ili pansi m'malo moibereka kaye. Madzi amapha, chifukwa ukagwera mumtsinje ndi makilogalamu 30 kumsana, zingwe zikukuzenga miyendo, ngakhale wobadwira ku Nkhotakota sungasambire. Mawaya a magetsi saoneka dzuwa likamalowa. Ndipo pali aja ofuna kuonetsa luso pafupi ndi nthaka kuti anzawo awajambule. Zonsezi mphunzitsi amakuuza usanagule ngakhale chisoti.

Pa za katundu wakale, chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Nsalu ya phiko imatha ndi dzuwa. Ikhoza kuoneka yokongola koma ikudutsitsa mphepo ngati sefa, ndipo zimenezo suona ndi maso, amachita kupima ndi makina. Zingwe zimafupika kapena kutalika ndi zaka. Komanso mapiko ali ndi magulu, ena ndi a akatswiri, othamanga ndi osachedwa kupindika, ndipo amakhala ndi mulingo wa kulemera kwa munthu. Phiko limene likugulitsidwa motchipa kwambiri kawirikawiri mwini wake ali ndi chifukwa. Sindikuti chakale chilichonse n'choipa. Ndikuti uyambe wapeza mphunzitsi, iye ndiye akakuonere.

Koma chimene chandigwira mtima kwambiri pa masewerawa si injini, ndi nyengo. Ndakhala kuno zaka zambiri ndikungodziwa nyengo ziwiri, yovala jekete ndi yovula jekete. Lero ndimayang'ana nsonga za mitengo, utsi, mbendera ya pa sukulu, ngati mmene agogo ankayang'anira kum'mawa asanatenge khasu.

Timauluka m'mamawa, maola awiri kapena atatu dzuwa litangotuluka, kapena madzulo likupendeka. Masana ayi. Chifukwa chake nonse mukuchidziwa, kungoti simunachiganizire. Dzuwa likatenthetsa nthaka, mpweya wotentha umakwera ngati mizati yosaoneka, ndipo pambali pake wina umatsika. Kamvulumvulu amene amanyamula fumbi ndi mapesi m'minda mwezi wa Okutobala ndi mpweya womwewo, kungoti wavala fumbi ndiye ukuoneka. Kabawi akamazungulira kumwamba masana osakupiza mapiko, wakwera pa mzati woterewu. Kabawiyo ali ndi mafupa m'mapiko mwake. Langa ndi la nsalu, ndipo likagunda m'mphepete mwa mzati wamphamvu mbali imodzi ikhoza kupindika. Uli pamwamba kwambiri limatsegukanso. Uli mamita 20 kuchokera pansi nthawi palibe.

Mphepo ikapitirira mailosi 10 pa ola, omwe ndi makilomita 16, wophunzira amapinda katundu wake. Ndipo yoopsa kwambiri si yamphamvu, ndi yosinthasintha, yoti pano yaleka pano yawomba. Palinso mphepo ya kuseri kwa mitengo kapena nyumba. Mukayang'ana madzi a mumtsinje kuseri kwa mwala waukulu, amazungulira n'kumabwerera m'mbuyo. Mpweya umachita chimodzimodzi kuseri kwa mzere wa mitengo, ndipo kuno minda yambiri ndi yozunguliridwa ndi mitengo italiitali. Nthawi zina pansi pamakhala bata loti kandulo sangazime, koma ukakwera mamita 300 n'kupeza mphepo yothamanga kuposa phiko lako, iwe wayang'ana kumpoto koma ukupita kummwera. N'chifukwa chake usiku ndisanagone ndimawerenga zimene a zanyengo a National Weather Service a ku Sterling, Virginia alemba, makamaka za mphepo ya m'mwamba, ndipo m'mawa ndimawerenganso.

Chilimwe cha kuno, Juni mpaka Ogasiti, chili ndi nkhanza yakeyake. Mpweya umakhala wotentha ndi wa chinyontho, phiko siligwira bwino, injini imachepa mphamvu, ndiye umathamanga mtunda wautali usananyamuke. Madzulo mitambo ya mabingu imamera mwadzidzidzi, ndipo mphepo yake imafika makilomita ambiri mvula isanafike. Amene munali kuno pa 29 Juni 2012 mukukumbuka chimphepo chija amachitcha derecho, chimene chinachokera kumadzulo kutali n'kutipeza usiku, chinagwetsa mitengo, anthu mamiliyoni n'kukhala opanda magetsi masiku angapo ngati tili ku Ndirande. Masana a tsikulo kunali dzuwa lokhalokha. Miyezi yabwino ndi Sepitembala, Okutobala ndi Novembala, chimanga atakolola, masamba akusintha mtundu. M'nyengo yozizira mpweya ndi wabwino koma zala zimauma mpaka kulephera kumva chingwe.

Amayi munatchula za Chikangawa, ndipo sindikunyozani ayi. Tonse kuno tinalira pa 10 Juni 2024, ndege ya asilikali ya Dornier 228 itagwa ndi a Saulos Chilima ndi anthu ena asanu ndi atatu. Tsiku limenelo nyengo inali yoipa ndipo ndegeyo inalephera kutera ku Mzuzu. Nyengo siiona kukula kwa ndege kapena udindo wa munthu. Koma kusiyana kwa ine ndi woyendetsa ndege ya ntchito n'kwakuti ine palibe akundidikira kulikonse. Ndikhoza kuyendetsa galimoto maola awiri, kufika pamunda, kuyang'ana mitengo, n'kumwa tiyi wanga n'kubwerera katundu asanatsike m'galimoto. Ndachitapo zimenezi kambirimbiri. Asodzi a ku Salima mwera ukawomba sakankha bwato, ndipo palibe amawatcha amantha.

Mwina mukudabwa kuti maola awiri pa galimoto n'chifukwa chiyani, pamene mabwalo a mpira ali paliponse. Apa ndiye anzanga a kuno mutchere khutu, chifukwa dera lathu lino si lofanana ndi madera ena a America. Thambo la Washington lili ndi mpanda. Mukaima pa bwalo la ndege la Reagan National n'kuyeza makilomita pafupifupi 55 mbali zonse, ngati kuchoka ku Lilongwe kukafika ku Mponela, dera lonselo limatchedwa Special Flight Rules Area. Linayamba mu Febuluwale 2003 potsatira zigawenga za pa 11 Sepitembala 2001, ndipo mu 2009 linakhala lamulo lokhazikika. Ndege iliyonse yolowa m'menemo iyenera kulembetsa ulendo wake, kukhala ndi kachipangizo kodzizindikiritsa pa radar, ndi kumayankhulana ndi oyang'anira ndege nthawi yonse. Paramotor ya wamba ilibe zimenezo. M'kati mwake muli mpanda wina wothina kwambiri, wa mailosi pafupifupi 15, mmene ngakhale drone ya mwana ndi yoletsedwa. Silver Spring, Gaithersburg, Laurel, Bowie, Woodbridge, Manassas, kulikonse kumene Amalawi timakhala, ndi m'kati mwa mpanda waukuluwo.

Ndipo anthu ake sasewera. Pa 11 Meyi 2005 kandege ka Cessna ka amuna awiri ochokera ku Pennsylvania kanasochera n'kuyandikira White House. Anthu anathamangitsidwa m'nyumbayo ndi ku Capitol, ndege zankhondo za F-16 zinanyamuka, kandegeko n'kukakatsitsira ku Frederick. Amenewo anangosochera. Pa 15 Epulo 2015 bambo wina wogawa makalata wa ku Florida, Doug Hughes, ananyamuka dala ku Gettysburg pa kandege ka munthu mmodzi ka mtundu wa gyrocopter n'kukatera pa kapinga wa Capitol ndi makalata 535, imodzi ya phungu aliyense, kudandaula za ndalama m'ndale. Anamumanga pomwepo, ntchito inatha, ndipo anagamulidwa masiku 120 kundende. Iyeyo ndi mzika, anatuluka n'kubwerera kwawo. Iwe ndi ine, mlandu wa boma la feduro ukalowa pa dzina lathu, mapepala amene tavutikira zaka zonsezi ali pa moto. Mu Ogasiti 2025 boma la kuno linayamba kufuna chikole cha madola 5,000 mpaka 15,000 kwa Amalawi ofuna viza yodzacheza. Mmalawi mmodzi akaoneka pa TV ali lende pamwamba pa Beltway, tonse tidzalipira.

Ndivomereze kuti mpandawu umanditopetsa, ndipo ambiri ouluka amati ndi waukulu mopitirira muyeso. Koma thambo la kuno ndi lodzazadi. Pa 29 Januwale 2025 ndege ya anthu inagundana ndi helikopita ya asilikali pamwamba pa mtsinje wa Potomac, anthu 67 n'kufa. Amenewo anali akatswiri okhala ndi mawailesi ndi zipangizo zonse. Munthu wa nsalu ndi zingwe alibe chake pamenepo.

Ndiye timatuluka. Ena amawoloka mlatho wa Chesapeake Bay kupita ku Eastern Shore, dziko lathyathyathya la chimanga, soya ndi makola a nkhuku. Ena amatsata msewu wa I-66 kumadzulo mpaka kuchigwa cha Shenandoah, kumene a gulu la Capital Hang Gliding and Paragliding Association, ouluka opanda injini, amanyamukira pa phiri la ku Woodstock. Kumpoto muyenera kusamala ndi Camp David pafupi ndi Thurmont, pamene pali mpanda wina umene umakula pulezidenti akapitako, ndipo mipanda yosakhalitsa yotereyi imamera kulikonse kumene wapita. Umachita kufufuza tsiku lililonse usananyamuke. Munda nawo uli ndi mwini wake. Umapita kukagogoda, kupempha bwinobwino ngati ukupempha malo kwa amfumu, ndipo suuluka motsika pamwamba pa akavalo kapena nkhuku zake. Mlimi mmodzi akakwiya, munda umenewo watsekedwa kwa aliyense.

Achemwali, tsopano za ndalama, ndipo sindibisa. Maphunziro kuno amatchula madola 2,000 mpaka 3,000. Katundu watsopano, injini, phiko, chisoti ndi palachuti yapadera ya pangozi, amafika madola 10,000 kapena kupitirira. Musasinthe m'makwacha, mudwala mutu. Ine ndinasonkhanitsa zaka ziwiri kuchokera pa maola owonjezera, ndipo ya feteleza ndi ya fizi sinachedwepo mwezi ndi umodzi womwe, mukudziwa nokha. Galimoto yanga ndi yakale ija. Alipo anzathu kuno amene amalipira ngongole ya galimoto yonyezimira mwezi ndi mwezi, ena ndalama zimathera m'mabotolo Loweruka lililonse, ndipo palibe amawaitanitsa bwalo kumudzi, chifukwa zimenezo tinazolowera. Munthu amene amagwira maola 12 usiku, kusambitsa ndi kutembenuza makolo a anthu ena pamene ake ali kutali, ayenera kukhala ndi kanthu kena kamene ndi kakekake. Tikapanda kutero timasanduka makina otulutsa ndalama, ndipo ndawaona anzathu amene anasanduka choncho mmene amathera. Ine ola limodzi ndili pamwamba pa minda, nthunzi ili m'zigwa, agwape akuthawa kunsi kwanga, limandibwezera mutu wanga.

Koma ufulu umenewu uli ndi ngongole yake, ndipo apa ndikuyankhula ndi anyamata aja. Tonse tikudziwa chimene chimachitika mnzathu akamwalira kuno: mauthenga pa WhatsApp, kusonkherana masabata angapo kuti thupi lipite kumudzi. Munthu amene wasankha kuuluka alibe chilolezo chosiyira anzake mtolo umenewo chifukwa chofuna kupulumutsa madola 2,000 a mphunzitsi. Muwerenge pepala la inshuwalansi yanu ya moyo, chifukwa ena salipira imfa ya masewera otere pokhapokha unawauza poyamba. Muone ngati ya chipatala ilipo, poti mwendo wothyoka kuno umadya ndalama kuposa paramotor yeniyeniyo, ndipo ntchito zathu zambiri ndi zoimirira, ukagona miyezi itatu lendi siidikira. Ngati ndalama zilipo za chimodzi chokha, lipirani maphunziro. Masukulu ambiri ali ndi katundu wawo wophunzitsira, ndipo mudzadziwa ngati mtima wanu ukufunadi musanagule kanthu.

Amalume, za lichero zija ndaseka, koma dziwani kuti sindine Mmalawi woyamba. Godfrey Masauli anauluka kale ndi phiko lotere lopanda injini kwathu konko, ndipo amadziwika kuti ndi Mmalawi woyamba kutero. Anaphunzitsidwa ndi Benjamin Jordan wa ku Canada, yemwe mu 2009 anadutsa dziko la kwawo pa paramotor, ndipo nkhani yawo ili mu filimu ya The Boy Who Flies ya mu 2013, mmene akukwera phiri la Mulanje atasenza mapiko. Mawu ake a Godfrey anali akuti ndizotheka. Anthu amakonda kubwereza mawu amenewa, koma amaiwala kuti mnyamatayo anali ndi mphunzitsi pambali pake ndipo anayamba ndi kuthamanga pansi ngati tonsefe. Ana a sukulu kumudziko muwapezere filimuyo aione.

Kwa inu a kuno amene mukufunadi, Loweruka lina mphepo ikalola tinyamuka ku Silver Spring 4 koloko m'mawa kuti dzuwa litipeze kutsidya kwa mlatho. Bwerani ndi nsapato zothamangira ndi jekete, tiyi ndibweretsa ndine. Mudzagwira zingwe pansi, mudzayankhula ndi mphunzitsi, koma injini simuikhudza. Ndipo tikafika n'kupeza nsonga za mitengo zikuvina, tikadya mazira pa lesitilanti ya m'mbali mwa msewu wa 50 n'kubwerera.

Amayi, malata otsala aja nditumiza kumapeto kwa mwezi uno. Mupereke moni kwa onse kutchalitchi.

Ndine wanu,
mwana wanu wa ku Maryland